Chaka Chimene Anatichotsa M'buku la Boma

Mudzi wathu unali wa nyumba khumi ndi zinayi. Ndikudziwa bwino chifukwa zinawerengedwa ine ndikuona. Unali kuseri kwa Utale, kutsidya kwa mtsinje, kumene migwalangwa imayambira. Sitima tinkangoimva kulira kwake mphepo ikamachokera kunjanji, ndipo kuti munthu afike pamsewu wa galimoto ankanyamuka m'mawa n'kukafika mithunzi itafupika.

M'nyumba zonsezo amuna okhazikika analimo atatu okha. Analipo amalume, eni mudzi, amene maso anali atawathera kalekale. Analipo alamu, amuna a achemwali anga, amene anabwera ndi chifuwa kuchokera ku migodi ya ku Joni ndipo sankatha kumaliza mzere umodzi osapuma. Wachitatu anali mkulu wina wosema mitondo, wogontha khutu limodzi. Ena onse anali ku Halale ndi ku Joni. Amuna anga ananyamuka mwana wathu woyamba asanayambe kukhala pansi, nkhondo ya azungu itangotha, n'kundilonjeza kuti sapyola mvula ziwiri.

Tinkakhala ndithu. Tinkalima mapira, nandolo ndi chimanga pang'ono, chifukwa mvula ya kwathu ndi yaumbombo. Thonje ndiye linkatikonda, ndipo ndi limene linkatigulira nsalu. Chilimwe tinkadula milaza n'kumaluka mikeka, imene amalonda Achiyao ochokera ku Ulongwe ankabwera kudzasinthitsa ndi mchere ndi matemba. Mbuzi zinalipo zambiri kuposa anthu. Madzi tinkafukula mumchenga wa mumtsinje, ndipo chitsime chathu sichinkaphwa ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Anthu a mudzi wa kumsewu anali ndi sitolo ya Mmwenye ndi mzikiti wa malata, koma madzi awo anali amchere, opweteka m'mimba.

Ngakhale eni mudzi anali amalume, mawu omaliza ankachokera kwa amayi aakulu, akulu awo a amayi anga. Anali mayi wamfupi, wa miyendo ya matewe, wosachedwa kupsa mtima. Fodya wawo wofwenkha ankasunga m'kachigubu ka mphonda kamene ankakamangirira pa mfundo ya nsalu. Sanali munthu wokondedwa kwambiri. Ankatukwana ana, ankakangana ndi amalonda chifukwa cha temba limodzi, ndipo ine anandinenapo pagulu kuti mkeka wanga ukuoneka ngati walukidwa ndi nkhuku. Koma mbuzi ikasowa kapena mwana akadwala, aliyense ankathamangira pakhomo pawo.

Uthenga unabwera titangoyamba kutola thonje. Anafika amesenjala awiri a boma ovala zipewa zofiira, pamodzi ndi kalaliki wa kabudula woyera. Tinawayalira mkeka pansi pa mtengo wa mtondo wa pabwalo. Kalaliki uja sanakhale. Anazungulira mudzi akuloza nyumba ndi pensulo, kenaka anaima patsogolo pa amalume.

"Boma lalamula," anatero, "kuti mudzi wosakwana nyumba makumi awiri si mudzi. Timidzi tobalalika m'tchire tikuvutitsa bwana Disi, mkulu wa boma lino, poyendera anthu. Mukamaliza kukolola musamuke, mukamange kumsewu. Kumeneko ndiye kukhale mudzi wanu, ndipo mfumu yanu ikhala ya kumeneko."

Amalume anali munthu wofatsa, wosazolowera kukana. Anaomba m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Tamva, bwana."

"Amva ndi makutu," anatero amayi aakulu ali chikhalire. "Miyendo sinamve."

Kalaliki anawayang'ana. Anangonena kuti bwana Disi adzafika yekha mwezi ukatha kudzaona ngati takonzeka.

Alendo atapita, bwalo lonse linadzaza phokoso. Ena ankalira manda a amayi awo, ena ankafunsa kuti minda tizidzaiyendera bwanji kuchokera kumsewu. Achemwali anga anati mwina kusamuka n'kwabwino, poti kuchipatala cha kumishoni kudzakhala pafupi kwa amuna awo. Amayi aakulu ankangofwenkha fodya. Phokoso litatsika anafunsa:

"Anati makumi awiri?"

"Eya."

"Ife tili ndi zingati?"

"Khumi ndi zinayi."

"Ndiye mukulira chiyani? Mitengo yatha m'tchiremu?"

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. Anati nyumba samanga akazi, ndipo ngakhale titamanga, adzagonamo ndani? Amayi aakulu anayamba kuwerenga ndi zala. Atsikana awiri anali otha msinkhu, ndipo akadzakwatiwa adzafuna nyumba. Amasiye awiri ankagona nyumba imodzi, aliyense akhale ndi yake. Achimwene anga anali atatha zaka zisanu ndi zinayi ku Halale opanda mkazi, ndipo tsiku lobwera adzafikira kuti? Panalinso ana awo aamuna awiri a amayi aakuluwo, amene anali ku Joni.

"Munthu wa paulendo sanafe," anatero. "Nyumba yake ndi nyumba."

M'mawa mwake tinalowa m'tchire ndi nkhwangwa za amuna athu. Ine ndinali ndisanadulepo mtengo woposa nkhuni. Pofika madzulo m'manja munali matuza okhaokha, ndipo tsiku lachitatu anaphulika, mpini n'kumaterera ndi magazi. Mkulu wosema mitondo ankatisonyeza mitengo yosadya chiswe. Amalume ankakhala pamthunzi akupota luzi pantchafu, poti zala zawo zinkaona kuposa maso athu. Alamu ankatiuza pokumba maenje a nsichi, atakhala pa mtondo wogubuduza. Thonje tinkatola m'mawa, masana kudula, madzulo kuponda dothi.

Zipupa sizinativute, chifukwa kumata ndi kuzira ndi ntchito yathu kale. Vuto linali denga. Kwathu mkazi sankakwera padenga. Ankati akatero nyumbayo sikhala ndi mtendere. Phaso litamangidwa pansi, tinalinyamula tonse n'kulikhazika pa zipupa, koma pofolera udzu aliyense anayang'ana mnzake. Amayi aakulu anandiloza ine.

"Iwe ndiye wopepuka. Pinda nsaluyo ukwere."

"Amayi, anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ati? Anthu ndi ife tili panofe."

Ndinapinda nsalu pakati pa miyendo, n'kuisomeka m'chiuno, ndipo ndinakwera. Phaso linkalira pansi pa mawondo anga. Nditafika pansonga ndinaona mudzi wonse monga ndinali ndisanauonepo: makola a mbuzi, minda ya thonje yoyera mbuu, mitengo ya kumanda, ndi njira yopita kuchitsime. Mantha anandichoka. Ndinafuula kuti andiponyere udzu. Madenga anayi mwa asanu ndi limodziwo ndinafolera ine, ndipo mpaka lero sindinamvepo chisoni.

Mwezi usanathe nyumba zinakwana makumi awiri. Tinaikamo mafuwa, tinathira phulusa lochokera m'nyumba zina, tinayalamo mikeka ndi kuikamo mitsuko. M'nyumba ya achimwene tinapachikamo jekete lawo lakale.

Bwana Disi anafika Lachiwiri, dzuwa lili pamutu. Anali mzungu wachinyamata, wofiira khosi ndi dzuwa, ndipo galimoto anali ataisiya kumsewu. Anabwera ndi kalaliki yemwe uja. Kalaliki anawerenga, n'kubwereza, nkhope ikusintha. Kenaka anawerama n'kulowa m'nyumba imodzi yatsopano. Ine ndinali pakhomo. Anagwira phulusa, n'kuyang'ana kumwamba. Anatuluka akupukuta dzanja pa mpango.

"Denga ili lilibe mwaye," anatero. "Simunasonkhedwepo moto muno. Nyumba izi n'zabodza."

Anamasulira zomwezo kwa mzungu uja. Amayi aakulu anaimirira, n'kuyenda mpaka kutsogolo kwa bwana Disi, chinthu chimene mkazi sankachita.

"Muwauze bwanawa," anauza kalaliki, "kuti eni nyumbazi anawatenga ndi iwo. Mwaye wawo uli ku Halale ndi ku Joni. Akafuna akawerenge kumeneko. Kapena atibwezere amuna athu, mawa lomwe aona utsi."

Kalaliki anazengereza, koma mzungu anamuuza kuti amasulire. Mzunguyo atamva anaseka, n'kugwedeza mutu ngati wagwirizana nazo. Ine mtima unakhala pansi, ndinkaganiza kuti tapambana. Koma atatha kuseka anapempha buku la mudzi, limene munali mayina athu tonse. Amalume ankalisunga m'chitini cha masikono, chokulungidwa m'kamkeka. Analipereka ndi manja awiri. Mzungu anatsegula tsamba loyamba, n'kukoka mzere umodzi ndi cholembera, ndipo buku analipatsa mesenjala kuti aike m'chikwama. Kulemba ndinaphunzira nditakula kale, koma tsiku limenelo ndinadziwa ndekha kuti mzerewo wafafaniza mudzi wathu.

"Mvula isanagwe mukhale mutachoka," anatero kalaliki. Chitini chopanda kanthu anawasiyira amalume pamiyendo.

Patapita masiku atatu inabwera mfumu ya kumsewu, yokha, wapansi, itavala mkanjo ndi kofia, nkhuku ili m'khwapa. Anali bambo Wachisilamu wosoka zovala pa makina, waulemu kwambiri. Anagwada pafupi ndi amalume n'kuwagwira dzanja.

"Ambuje, ine sindinapemphe zimenezi," anatero. "Anthu amene ndili nawo andikwana kale, madzi akutivuta. Koma andiuza kuti ndinu anga tsopano. Malo ndakusungirani kuseri kwa mzikiti, ndi abwino ndithu."

"Nkhukuyi tidya," anayankha amayi aakulu, "koma sitibwera."

"Mukapanda kubwera, amene akaitanidwe ku boma ndine."

"Mukawauze kuti munapeza akazi osamva. Simudzakhala mukunama."

Bamboyo anaseka chapansipansi. Anati amayi ake omwe anali otero. Tinamupatsa mkeka wabwino, umene sunali woluka ine, ndipo tinamuperekeza mpaka kumtsinje.

Tinkaganiza kuti mzere wa m'buku ndi nkhani ya azungu okha, mpaka tsiku la msika wa thonje. Tinanyamuka akazi khumi ndi mmodzi, aliyense ndi mtolo pamutu, ine mwana kumsana. Pamsika panali sikelo yopachika pamtengo ndi tebulo la kalaliki wina wolemba matikiti. Poti ndinali woyenda msanga, ndinakhala woyamba pa mzere wathu.

"Mudzi?" anafunsa osadzutsa mutu.

Ndinatchula mudzi wathu. Anayendetsa chala papepala, n'kunena kuti mudzi umenewo kulibe.

"Kulibe bwanji? Ndagona kumeneko, ndadzuka kumeneko, thonjeli lamera kumeneko."

"Mayi, musandichedwetse. Inu ndinu akumsewu. Nenani choncho ndikulembereni."

Anthu a midzi ina anayamba kung'ung'udza kumbuyo. Mayi wina anandiuza kuti ndingonena, dzina silidyedwa. Ndinayang'ana thonje langa lili pa sikelo, loyera, losankhidwa bwino, la miyezi isanu ndi umodzi ya thukuta. Nsalu imene ndinavala inali ndi zigamba zitatu. Kunena zoona, lilime linatsala pang'ono kutembenuka. Koma ndinakumbukira amalume atakhala ndi chitini chopanda kanthu, ndipo mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu.

"Iyayi," ndinatero. "Nditsitsireni katundu wanga."

Amayi aakulu anali achisanu pa mzere. Anangosenzanso mtolo wawo n'kutembenuka, ndipo enawo anatsatira mmodzimmodzi. Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wopita. Dzuwa linali litakwera, mitolo ikulemera ngati yanyowa, ndipo achemwali analira njira yonse. Pamtsinje anaponya mtolo pansi n'kundiyang'ana.

"Iwe amuna ako ali moyo, akudya buledi ku Halale. Anga akulavula magazi. Dzina la mudzi ndiwaphikira?"

Sabata yotsatira achemwali anapita okha kumsika, anakatchula mudzi wa kumsewu, thonje lawo linagulidwa. Amayi aakulu sanawalankhule mpaka tsiku limene achemwaliwo anasamukira kumsewu. Anatsagana ndi mabanja ena atatu. Ine ndinawathandiza kusenza mtondo mpaka kumsewu, ndinaona malo a kuseri kwa mzikiti aja, ndipo analidi abwino. Ndinabwerera ndekha.

Thonje lotsalalo tinaunjika m'nyumba ya achimwene. Amalume, amene anali asanatuluke pakhomo chichokereni buku, anaitanitsa dengu limodzi. Anati ali mnyamata, nsalu za m'sitolo zisanachuluke, amuna ankapota okha ulusi. Anauza mkulu wosema mitondo kuti awasemere kandodo kokhala ndi kambale kumapeto, ndipo anayamba kupota. Ulusi woyamba unkaduka, koma patapita masiku unayamba kutuluka wosalala ndi wolimba. Anatiphunzitsa ife amene tinali ndi zala zofewa. Amalonda a ku Ulongwe atabwera kudzatenga mikeka anauona, n'kunena kuti asodzi adzaufuna wokonzera maukonde. Sunatigulire zambiri. Chaka chimenecho tinavala zigamba pa zigamba, ndipo theka la thonjelo linathera makoswe. Koma mchere sunasowe m'ndiwo.

Mitambo itayamba kusonkhana anabwera amesenjala anayi ndi mbedza zazitali. Anati alamulidwa kusasula madenga kuti tisowe pogona. Anayamba ndi nyumba zatsopano zija. Tinangoima n'kumaona udzu umene ndinafolera ukugwa pansi. Atafika pa nyumba zakale, amayi aakulu anafuula kuti aliyense alowe m'nyumba mwake akhale pansi.

Ndinalowa, ndinakhala pakati penipeni, mwana ndinamuika pabere n'kumufunditsa nsalu. Mbedza inalowa m'denga. Mwaye, zinyalala ndi ndowe za makoswe zinayamba kundigwera m'mutu ndi m'maso. Kuwala kunalowa pamalo pamene sikunalowepo. Mesenjala anasuzumira pabowo n'kundiona.

"Mayi, tulukani, phaso likugwerani."

"Ligwe," ndinatero. "Mukanene ku boma kuti mwapha mkazi ndi mwana chifukwa cha udzu."

Mbedza inaima. Kunja ndinamva mawu a amayi aakulu. Anali atazindikira mmodzi wa amesenjalawo, mwana wa mnzawo wa kutsidya.

"Si iwe amene mayi ako anakubereka panjira ya kuchitsime chino? Mchombo wako ndinadula ine ndi bango! Lero wabwera kudzandigoneka pamvula? Yamba ndi nyumba yangayi, ndikuone m'maso."

Mnyamatayo anayang'ana pansi, mbedza n'kuitsamiritsa pamtengo. Anzake anasasula nyumba ina imodzi mwaulesi, kuti akakhale ndi chonena, ndipo anapita dzuwa lisanapendeke. M'mawa mwake ndinakweranso padenga, nthawi ino popanda wondituma. Amesenjala anabweranso kachiwiri patatha sabata ziwiri, anasasula zitatu, ife tinafoleranso. Kachitatu sanathe, chifukwa mvula inagwa, mtsinje unadzaza. Pamene unkaphwa, bwana Disi uja anali atasamutsidwa, ndipo amene anabwera m'malo mwake mtima wake unali pa mizere yoteteza nthaka m'minda. Za ife palibe anakumbukiranso.

Sindinganene kuti tinapambana. M'mabuku a boma tinakhalabe akumsewu, milandu yathu inkakambidwa kumeneko, ndipo chaka chotsatira thonje tinkapatsira mfumu yosoka ija kuti ikatigulitsire, ife osafika pa tebulo la kalaliki. Amayi aakulu ankadziwa kuti potero thonje likulembedwa dzina lomwe lija, koma ankati pakamwa pawo sipanatulukepo. Tinatsala nyumba khumi zokhala anthu. Alamu anamwalira kumsewu chaka chisanathe, ndipo kumaliro amayi aakulu anapita, anakhala pafupi ndi achemwali, n'kuwagawira fodya.

Amuna anga anabwera patatha mvula zisanu, osati ziwiri. Anafika ndi njinga yakuda, sutikesi ya malata ndi chipewa cha mlaza wa kunja. Mwana anawathawa. Masiku oyamba tinasangalala, mbuzi inaphedwa. Sabata isanathe anayamba kudandaula kuti kuno n'kutchire, njinga ikungotha ndi minga. Tsiku lina tikudya anandiuza kuti akambirana ndi mfumu ya kumsewu, awapatsa malo pafupi ndi sitolo kuti atsegule pokonzera njinga.

"Ukonzeke, tisamuka mwezi wamawa."

"Musamuka ndi ndani?"

"Ndi iwe, nanga ndi ndani? Mudzi uno unatha kale, ngakhale pachiphaso changa analemba kuti ndine wakumsewu."

"Inu munabwera kuno kudzakwatira, munapeza mudzi. Munachoka, munasiya mudzi. Mwabwera, mwaupeza. Mukudziwa amene anausunga?"

"Ndamva kuti unkakwera pamadenga ngati nyani. Anthu akundiseka."

"Amene akukusekaniwo anali kuti pamene mwana wanu ankagweredwa ndi mwaye?"

Anakankha mbale, n'kunena kuti mkazi wanzeru amatsata mwamuna wake. Ndinawauza kuti kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi, ndipo iwo ankadziwa zimenezo tsiku limene ankabwera ndi ankhoswe awo. Anapita kwa amalume kukadandaula. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, ulusi ukuyenda m'zala zawo, ndipo anati, "Mwana wanga, ine ndinavomera kamodzi pabwalo pano, akaziwa anandikana. Sindiyesanso."

Amuna anga anakhala mwezi umodzi, akugona chofulatira. Tsiku lonyamuka anamangirira sutikesi pa njinga, anasiya bulangete limodzi ndi mpeni wopinda wa mwana. Anaima pakhomo nthawi yaitali, ndikuganiza kuti ankadikira kuti ndilowe ndikatole miphika. Ndinkawakonda bambo amene aja. Patapita chaka ndinamva kuti akwatira mkazi wa kumsewu komweko.

Koma tsikulo sindinkadziwa zimenezo. Ndinawaona akukankha njinga mumchenga wa mumtsinje mpaka anabisika ndi mabango. Mwana anandifunsa ngati abambo abwera madzulo, ndinamuuza kuti sindikudziwa. Mapira anali atamera udzu, kum'mawa kukuda. Ndinatenga khasu, mwana ndinamupatsa chikho cha madzi kuti anyamule, ndipo tinapita kukapalira.